Denga la konkire likamadontha chaka ndi chaka, yambani ndi njira ya madzi

Funso lachokera kwa bambo ena a ku Nyambadwe mumzinda wa Blantyre. Nyumba yawo ili ndi denga lafulati la konkire, mamita 12 mulitali ndi 10 mulifupi, lozunguliridwa ndi kakhoma kolekeza m'mawondo. Pamwamba pake anamatapo phula lotchinga madzi, lobwera m'mipukutu, zaka 7 zapitazo. Dzinja lililonse siling'i ya kuchipinda chogona imada pakona, penti n'kumasupuka. Mmisiri wathirapo kale simenti kawiri pamalo amene amawakayikira, koma sizinathandize. Akufunsa kuti denga lotere limasamalidwa bwanji, nthawi yanji, ndipo ngati n'kofunika kukanganula zonse n'kuyambiranso.

Bambo, musafulumire kukanganula phula lonse, ndiponso musalole kuti athirepo simenti kachitatu. Phula la zaka 7, ngati linaikidwa mwaluso, silinafike potha ntchito. Madenga a mtundu wanuwu kawirikawiri sadonthera pakati pamene phula langoyala bwinobwino. Amadonthera pamene madzi akuchedwa kuchoka, ndi pamene phula lakumana ndi chinthu china, kaya ndi khoma, paipi kapena mwendo wa thanki.

Ganizirani kaye kuchuluka kwa madzi amene dengalo limalandira. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweyamita imodzi, amakhala madzi okwana lita imodzi. Denga lanu ndi masikweyamita 120. Mvula yamabingu ya mu Januwale itagwa mamilimita 40 mu ola limodzi, padengapo patsika malita 4,800, zomwe ndi ndowa 240 za malita 20. Denga la malata limataya madzi m'mbali yonse ya kumunsi, koma lanu lili ngati beseni, chifukwa kakhoma kaja kamawatsekera mkati ndipo potulukira pake ndi mabowo awiri kapena atatu basi. Jumbo imodzi ndi masamba odzaza manja awiri n'zokwanira kutseka bowo. Madzi akakwera kufika masentimita 15, sikweyamita iliyonse yasenza makilogalamu 150, denga lonse matani 18. Ndipo asanafike n'komwe pamenepo amatha kupitirira pamene phula linalekezera pakhoma ngati linafupika, n'kulowa kuseri kwake. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inagwa masiku angapo osakata, ndipo pa mvula yotere denga silipeza mpata wouma kapena wotaya pang'onopang'ono madzi amene latsekera.

Nthawi yogwira ntchito yaikulu ndi Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Okutobala, chizimalupsa chisanagwe. Pamenepo konkire imakhala itauma miyezi ingapo, ndipo chilichonse chomata chimagwira. Koma musaganize kuti mukasesa mu Seputembala mwamaliza. Majakaranda amayoyola maluwa chakumapeto kwa chilimwe, mphepo ya mu Okutobala imabweretsa fumbi ndi majumbo, akhwangwala nawo amatutira mafupa ndi zinyalala pamwamba pomwepo. Kwerani kachiwiri kumayambiriro kwa Novembala, kenaka tsiku lotsatira mvula yoyamba yamphamvu, chifukwa mvula imeneyi ndi imene imakokolera zonse zotsalira kukamwa kwa bowo. M'dzinja monse kwerani kamodzi pamwezi, komanso pakangodutsa mphepo yamkuntho. Mvula ikatha, cha mu Epulo kapena Meyi, kaoneni zimene zaonongeka n'kuzilemba. Masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi si omatira chigamba, popeza pamwamba pamaoneka pouma koma pali chinyontho.

Posesa gwiritsani ntchito tsache lofewa kapena burashi yapulasitiki. Fosholo yachitsulo ndi khasu zimacheka phula. Zinyalala muziwolere m'thumba n'kutsika nazo. Antchito ambiri amazisesera kubowo poganiza kuti madzi azikokolola, ndipo umu ndi mmene mapaipi amatsekekera mkati momwe dzanja silifika. Matope ouma a m'makona muwapale ndi kathabwa. M'matope amenewa ndi mmene mumamera udzu ndi timitengo ta kachere, tomwe mbewu zake zimabwera ndi mbalame. Kachere ndi woopsa kuposa udzu chifukwa mizu yake imalondola mng'alu uliwonse n'kuukulitsa. Muzuleni akadali wamng'ono. Ngati mizu yalowa kale pansi pa phula, musakoke mwamphamvu. Dulani phula mozungulira, chotsani muzu wonse, kenaka matani chigamba.

Tsopano mabowo, amene ndi mtima wa nkhani yonseyi. Chotsani sefa ngati ilipo, lowetsani dzanja, ndipo papasani pamene phula limapindikira kulowa m'paipi. Liyenera kulowa mkati litamatirira mozungulira ponse. Mukapeza kuti langolekeza pamlomo, kapena lamatuka moti chala chikulowa kuseri, dziwani kuti madzi ena akulowa m'paipi, ena m'konkire. Mukatero tengani paipi yothirira, wina athire madzi pabowo kwa mphindi zisanu, wina aime pansi aziona potulukira. Madzi azituluka mwamphamvu ngati mmene akulowera. Akamatuluka monyinyirika, kapena akayamba kubwerera m'mwamba, paipi yatsekeka, ndipo nthawi zambiri pamakhala popindika, pamwamba penipeni kapena pansi pafupi ndi nthaka. Tsegulani ndi ndodo zofewa za apulambala. Chitsulo chomangira nyumba chimaboola paipi yapulasitiki, ndipo ngati paipiyo inakwiriridwa m'khoma, mwadzipangira vuto loposa limene munali nalo.

Bowo lililonse likhale ndi sefa yotumphukira m'mwamba. Sefa yafulati imaphimbika ndi tsamba limodzi la mango, pomwe yotumphuka imalola madzi kulowa cha pamwamba ngakhale m'munsi mwake mutaunjikana masamba. Ngati simunaipeze m'sitolo, pindani waya wa khola la nkhuku akhale mpira wokulirapo kuposa bowo, n'kuukhazika pamenepo. Umachita dzimbiri, choncho muziusintha chaka ndi chaka. Za kukula kwa mapaipi, pa denga la masikweyamita 120 ife timafuna mabowo osachepera awiri okhala ndi mapaipi a mamilimita 110, kuti lina likatsekeka lina lizigwirabe ntchito.

Chinthu chimene nyumba zambiri zilibe, chomwe sichidya ndalama zambiri, ndi bowo lapangozi. Ili ndi bowo loboola kakhoma kaja, pafupifupi masentimita 5 kuchokera pamwamba pa denga, pansi pa mzere umene phula linalekezera. Masiku onse limangokhala louma. Limataya madzi pokhapokha mabowo enieni atatsekeka. Liikeni mbali imene anthu amadutsa, pafupi ndi khomo kapena kukhitchini, kuti likayamba kutaya aliyense aone n'kudziwa kuti kumwamba kwavuta. Mkati mwake mulowe kapaipi kotulukira kunja masentimita 10 kapena kuposerapo, kuti madzi asamayenderere pakhoma, ndipo phula limatidwe mozungulira kapaipiko.

Denga lafulati siliyenera kukhala lafulati kwenikweni. Lifunika kupendekera kumabowo, ndipo muyeso wochepetsetsa ndi 1 pa 80, kutanthauza sentimita imodzi ndi kota pa mita iliyonse. Ngati kuchokera pakona yakutali kufika pabowo pali mamita 6, pakonapo pakwere masentimita 7.5 kuposa pabowo. Amisiri odziwa amayeza mowirikiza pamenepo, 1 pa 40, podziwa kuti dzanja silisalaza ndendende. Kuti mudziwe mmene lanu lilili, kwerani patapita masiku awiri mvula itakata. Madzi amene adakalipo nthawi imeneyo ndi chithaphwi chofunika kuchiganizira. Chizungulizeni ndi choko, yezani kuya kwake, chijambuleni pafoni. M'chilimwe zithaphwi zimadziulula zokha ndi mizere yozungulira ya matope ouma ndi ndere zakuda. Chithaphwi chosaya sichiboola phula labwino tsiku limodzi, koma chimasunga matope, chimafooketsa misoko, chimaswetsa udzudzu, ndipo kabowo kakang'ono kamene pamalo otsetsereka kakanalowetsa madontho ochepa, pansi pa chithaphwi kamamwa madzi usana ndi usiku. Chithaphwi chikakhala mozungulira bowo lenilenilo, ndiye kuti mlomo wa paipi unatsala m'mwamba. Pamenepo mankhwala ake ndi kutsitsa mlomowo, osati kukweza denga lonse.

Banga lanu lili pakona, choncho ife tikanayamba kukayikira malo awiri: bowo ngati lili pafupi, ndi pamene phula limakwera khoma. Phula liyenera kukwera kakhomako masentimita osachepera 15, ndipo mlomo wake ulowetsedwe m'kamzere kosemedwa m'khoma n'kutsekedwa, kapena uphimbidwe ndi lata lopinda. Ambiri amangolimata pa pulasitala n'kusiya mlomo poyera. Dzuwa la mu Okutobala likauwomba, mlomowo umayasamula, ndipo madzi otsika pakhoma amalowera pomwepo. Yendani m'mphepete monse mukukanikiza ndi chala. Onaninso pakona penipeni pamene denga limakumana ndi khoma. Payenera kukhala kamtumbira ka simenti kopendekera, ka masentimita 5 mpaka 7, kuti phula lisapindike mwadzidzidzi. Popanda kamtumbirako pansi pake pamatsala mphako, ndipo munthu akapondapo phula limang'ambika.

Pamwamba pa kakhoma pomwepo anthu amaiwalapo. Njerwa ndi pulasitala zimamwa madzi. Pamwamba pakakhala ming'alu, mvula imalowa m'khoma, kutsika mkati mwa njerwa, kudutsa kuseri kwa phula lonse n'kukatulukira pakona ya siling'i, phula lili bwinobwino. Chizindikiro chake n'chakuti banga limakula pa mvula yamphepo kapena ya mawawa yokhalitsa, ngakhale padenga pasanaime madzi. Pamwamba pa kakhoma papendekere mkati mwa denga, ming'alu itsekedwe, ndipo ndi bwino kupaphimba ndi penti wotchinga madzi wokhala ndi kansalu kake, kapena ndi lata.

Dziwaninso kuti pamene banga laonekera si pamene madzi alowera. Akalowa pansi pa phula amatha kuyenda mamita angapo kufunafuna mng'alu wa m'konkire kapena paipi ya mawaya a magetsi. N'chifukwa chake nthawi zina amatulukira pa babu. Zikatero zimitsani magetsi a chipindacho pa bokosi lalikulu, muitane wamagetsi. Pofufuza polowera, sankhani tsiku louma. Yambani kuthira madzi pamalo otsikitsitsa, pabowo, kwa mphindi 20, wina ali m'chipinda kuyang'ana. Kenaka sunthirani m'mwamba pang'ono, kenaka m'mphepete mwa khoma, pomalizira pamwamba pa kakhoma. Mukayambira kumtunda madzi anyowetsa ponse ndipo simudziwa chilichonse. Konkire imachedwa kuonetsa, choncho ntchitoyi ingatenge masiku awiri kapena atatu, mbali imodzi patsiku.

Simenti amene anathira uja walephera pa zifukwa zodziwika. Simenti wopyapyala sagwirana ndi phula. Akamauma amakhwinyata n'kuchita timing'alu, ndipo kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku kumatikulitsa. Madzi amalowa m'timing'aluto n'kukhala pakati pa simenti ndi phula, pomwe dzuwa silingawaumitse. Amalemeranso: wokhuthala masentimita 5 amaonjezera makilogalamu pafupifupi 100 pa sikweyamita. Choipitsitsa n'chakuti amakweza denga, motero phula la pakhoma limafupika, ndipo nthawi zina amatchinga njira imene madzi ankadutsa popita kubowo. Amene anathiridwa kaleyo achotsedwe mosamala, pogogoda cham'mbali ndi tchizulo chogonekedwa, kuti muone chimene chili pansi.

Pa phula lenilenilo yang'anani zinthu zitatu. Choyamba ndi misoko, pamene mpukutu wina unasanjikizana ndi unzake. Yendetsani sikuludiraiva yobuntha m'mphepete mwa msoko, ndipo pamene yalowa, pamatuka. Chachiwiri ndi matuza. Thuza limabwera pamene chinyontho chinatsekeredwa pansi, dzuwa n'kuchisandutsa nthunzi. Laling'ono, losang'ambika, lomwe lili kutali ndi msoko ndiponso pomwe sipapondedwa, lisiyeni, muzingoliyang'anira. Lalikulu kapena la pamsoko lichekedwe mopingasa, mapiko ake anayi atsegulidwe, mkati muume tsiku lathunthu padzuwa, mupakidwe phula lamadzi loyambira, mapikowo abwezeredwe ndi moto, kenaka pamwamba pamatidwe chigamba chopitirira chilondacho masentimita 10 mpaka 15 mbali zonse, makona ake atadulidwa mozungulira kuti asamatuke. Chachitatu ndi khungu lapamwamba. Phula lopanda timiyala pamwamba limafuna penti wasiliva, ndipo pentiyu abwerezedwe zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Iyeyu satseka podontha, ntchito yake ndi kubweza dzuwa kuti phula lisapse. Mukaona siliva wafufuma, kukuda kukuonekera, ndipo pamwamba payamba timing'alu tambirimbiri, nthawi yopaka yapitirira kale. Tsukani, paume, kenaka pakani.

Pali zinthu zimene siziyanjana ndi phula. Petulo, dizilo, parafini ndi oilo zimalisungunula, choncho jenereta isakhale padenga popanda thireyi pansi pake. Silikoni wa m'chubu sagwira paphula, amangooneka ngati wagwira kwa milungu yochepa. Penti wotchinga madzi wosungunulira ndi madzi ndi wabwino pakhoma ndi potsetsereka, koma pansi pa chithaphwi amafewa n'kusupuka. Ndipo ntchito ya moto wa gasi isiyireni mmisiri amene amaidziwa, ali ndi chozimira moto pambali. Phula likapsa mopitirira limaonongeka pomwepo ngakhale likuoneka lomatika.

Simunatchule ngati padengapo pali thanki, sola kapena dishi, koma nyumba zambiri mu Blantyre muno zili nazo. Aliyense amene amakwera kukaika zinthuzi amabwera ndi chobowolera, ndipo bawuti iliyonse yolowa m'denga ndi khomo la madzi. Dishi imangiriridwe kunja kwa kakhoma kapena pa chibuloko cholemera chongokhazika. Miyendo ya sola ndi ya thanki ikhale pa timapilala ta konkire tokutidwa ndi phula, kapena pa mabuloko okhala ndi chidutswa cha phula kapena labala pansi. Mawaya ndi mapaipi asagone pansi modutsa njira ya madzi, chifukwa amakola masamba n'kupanga damu. Thanki ya malita 2,000 ikadzaza ndi matani awiri pa kamalo kochepa, ndipo iyenera kukhala pamwamba pa khoma lonyamula kapena pa bimu (mtanda wa konkire wonyamula denga), osati pakati pa chipinda. Onaninso paipi yake yotayira madzi osefukira. Ngati valavu yoyandama yafa, thanki imadonthezera padenga chaka chonse, ndipo eni nyumba amadabwa kuona siling'i yonyowa mu Ogasiti.

Mukatsika, yang'anani silabu, konkire ya dengalo, cha kunsi kwake. Banga la chinyontho ndi penti wosupuka ndi nkhani ya phula. Koma mukaona mizere yofiirira ya dzimbiri, zoyera zolendewera ngati mchere, kapena zibenthu za konkire zikugwa mpaka zitsulo kuonekera, madzi afika pa zitsulo za mkati. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kuswa konkire yochikuta. Gogodani ndi hamala yaing'ono, ndipo pomveka phokoso la mphako pamasuka kale. Mng'alu uliwonse ulembeni ndi pensulo kumapeto kwake, pamodzi ndi tsiku. Ukamatalika, kapena silabu ikaoneka yolendewera pakati, imeneyo si ntchito ya womata phula ayi. Itanani injiniya wa zomangamanga, ndipo thanki ikhuthulidwe mpaka iye ataona.

Madzi akatsika paipi ulendo wawo sunathe. Asathere patsinde pa khoma, chifukwa amafewetsa nthaka ya pamaziko ndipo chinyontho chimakwera m'makoma. Alandiridwe ndi kangalande ka simenti kowapititsa mamita awiri kapena kuposerapo kutali ndi nyumba. Ku Nyambadwe malo ambiri ndi otsetsereka, choncho onetsetsani kuti malita zikwizikwi aja akulowa m'ngalande ya mumsewu kapena m'thanki yosungira, osati kukagumula mpanda wa anansi anu a kumunsi.

Pokwera, makwerero apitirire mlomo wa denga ndi mita imodzi, wina awagwire pansi. Kakhoma kolekeza m'mawondo sikatchinjiriza munthu, kamangomupunthwitsa, choncho musayende chafutambuyo mukukoka paipi yothirira. Onani pamene padutsa mawaya a ESCOM olowa m'nyumba musananyamule ndodo yaitali kapena makwerero achitsulo. Valani nsapato zofewa pansi, ndipo masana dzuwa likaswa mtengo musapondepo, phula limakhala lofewa.

Kukanganula zonse kumafunika pokhapokha phula lauma mpaka kumathetheka mukalipinda, kapena mukamaponda madzi akumveka pansi pake malo ambiri, kapena zigamba zachuluka moti zatenga gawo lalikulu la denga. Phula lomata ndi moto, lomwe amisiri amalitchula kuti torch-on, likasamalidwa limatha zaka 10 mpaka 15. Tsiku lodzasintha likadzafika, gwirizanani ndi mmisiri zinthu izi ntchito isanayambe. Lakale lichotsedwe lonse. Kupendekera kukonzedwe ndi simenti wosakaniza muyeso umodzi pa miyeso inayi ya mchenga wa kumtsinje, ndipo aume ndithu. Poyesa kuuma, matani pepala lapulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse, lisiyeni usiku wonse, ndipo mukapeza mame kunsi kwake m'mawa, dikirani. Papakidwe phula loyambira. Phula lenilenilo likhale la mamilimita 4, loyalidwa kuyambira kumunsi kupita kumtunda kuti misoko iziyang'ana kumene madzi akupita. Misoko ya m'mbali isanjikizane masentimita 7.5 mpaka 10, ya kumapeto kwa mpukutu masentimita 15. Mpukutu umodzi nthawi zambiri umakhala mita imodzi mulifupi ndi mamita 10 mulitali, ndipo mukawerengera misoko ndi pokwera khoma, denga lanu lidya mipukutu pafupifupi 15 kapena 16. Amene akuti 12 ikwana akufuna kuchepetsa misoko.

Ndalama yomaliza muipereke denga litayesedwa. Tsekani mabowo, thirani madzi akwere masentimita 5 pamalo otsika, lembani mzere pakhoma, ndipo asiyeni maola 24 mpaka 48 mukuyang'ana siling'i, tsiku lopanda mvula. Chitsimikizo cha ntchito chikhale cholembedwa, ndipo muchiwerenge bwino, chifukwa zambiri zimanena kuti mwini nyumba azisesa mabowo ndi kubwereza penti wasiliva pa nthawi yake. Sungani malisiti a pentiyo ndi zithunzi za tsiku limene munapaka, pakuti mukadzabwerera kukadandaula adzayamba kukufunsani zimenezo.